Ntchito ndi Malipiro a Omaliza Maphunziro a Zowerengera Ndalama ndi Zachuma

Chiyambi

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza mkangano kwathu ku Ntcheu. Mlongo wanga wamng'ono anali atakhoza bwino mayeso a MSCE, ndi masamu omwe, ndipo nthawi yosankha maphunziro a ku yunivesite inali itayandikira. Amalume, omwe akhala akutilipirira sukulu chimwalirireni bambo athu, anali atagamula kale mlandu. Iwo anati mwanayo asankhe za akawunti, zikakanika asankhe zachuma, chifukwa kumeneko n'kumene kuli ndalama. Atatero anandiloza ine n'kunena kuti, "Uyu tinamulekerera. Taonani, akuphunzira Chichewa chomwe anayamwira. Kodi adzadya miyambi?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mawuwo anandilasa.

Madzulo ake mlongo wangayo anandipeza pakhonde. "Achimwene, inu ndinu muli kukolejiko. Tandiuzani zoona, kodi anthu amenewa amalandiradi ndalama zambiri?" Ndinasowa choyankha. Ndakhala zaka zitatu ndikudyera pamodzi ndi anzanga ophunzira zachuma, koma funso limeneli ndinali ndisanawafunsepo. Safunsa anadya phula, choncho nditabwerera ku Zomba ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga.

Chimangirizo chino ndi yankho langa kwa mlongo wangayo. Mfundo yanga ndi yakuti maphunziro awiriwa amatsekuladi makomo ambiri, koma malipiro satsata dzina la digiri. Amatsata ziphaso zimene munthu wawonjezera pa digiriyo, malo amene walembedwa ntchito, msonkho ndi mphamvu ya kwacha, komanso kukhulupirika kwa mwini wake.

Maphunzirowa ndi awiri, si amodzi

Monga wophunzira chiyankhulo, ndiyambira pa mawu. Akauntanti m'Chichewa timamutchula kuti wowerengera ndalama. Dzinali limasocheretsa, chifukwa limapereka chithunzi cha munthu amene wanyambita chala n'kumawerenga ma K5,000 tsiku lonse. Kunena zoona, akauntanti ambiri sagwira ndalama m'manja. Ntchito yawo ndi kulemba ndi kusanthula mbiri ya ndalama: zalowa zingati, zatuluka zingati, ngongole ili ndi yani, katundu watsala wotani, phindu ndi lingati ndipo msonkho wa boma ndi ungati. Njira imene amatsata, yolemba chinthu chilichonse kawiri, mbali ina kusonyeza kumene ndalama yachokera ndi mbali ina kumene yapita, inafotokozedwa m'buku la Luca Pacioli lomwe linasindikizidwa ku Venice m'chaka cha 1494. Mlembi wa banki m'khonde amene amalemba masheya ndi ngongole za amayi anzake m'kope akugwira ntchito yomweyi, kungoti pamlingo waung'ono.

Katswiri wa zachuma ali ndi mafunso ena. Mawu a Chingerezi akuti economics anachokera ku mawu awiri a Chigiriki, oikos, kutanthauza nyumba, ndi nomos, kutanthauza lamulo kapena kayendetsedwe. Poyamba inali nkhani ya kayendetsedwe ka pakhomo, kenaka inakula n'kukhala ya dziko lonse, makamaka Adam Smith atalemba buku lake lotchuka la The Wealth of Nations m'chaka cha 1776. Wazachuma amafuna kudziwa chifukwa chimene chimanga chimatsikira mtengo nthawi yokolola n'kukwera mu Januwale ndi Febuluwale. Amafufuza ngati ndalama zimene boma limaika ku feteleza wotsika mtengo zikubala zipatso, ndiponso chimene chimachitikira alimi ndi amalonda chiwongoladzanja cha ku banki chikakwera.

Mwachidule, akauntanti amafunsa kuti ndalama zapita kuti, pamene wazachuma amafunsa kuti zapitiranji kumeneko, ndipo zikanapita kwina zikanabala chiyani. Onse awiri amafunika masamu, koma wazachuma amalowa kwambiri m'masamu a kafukufuku ndi chiwerengero, pamene akauntanti amalowa kwambiri m'malamulo a kalembedwe ka mabuku a ndalama, a msonkho ndi a makampani.

M'dziko muno digiri ya akawunti imapezeka ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, yomwe inkatchedwa Polytechnic yunivesite ya Malawi isanagawidwe m'chaka cha 2021, komanso ku Malawi College of Accountancy ndi m'mayunivesite ena omwe si a boma. Zachuma zimaphunzitsidwa ku yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba, ndipo ku LUANAR kuli maphunziro a zachuma zokhudza ulimi.

Njira ya akauntanti

Chinthu choyamba chimene amalume sankachidziwa ndi chakuti digiri ya akawunti ndi chiyambi chabe cha ulendo. Akauntanti amene makampani amamulimbirana ndi amene wavomerezedwa ndi bungwe la akatswiri a ntchitoyi. Kuno kwathu bungwe limeneli ndi ICAM, lomwe linabadwa potsatira lamulo la m'chaka cha 2013 lokhudza owerengera ndi ofufuza ndalama, mabungwe awiri akale a SOCAM ndi PAEC ataphatikizidwa. Ena amalemba mayeso a ACCA kapena a CIMA, omwe ndi mabungwe a ku Britain. Kuti munthu akhale membala wa ACCA amayenera kukhoza mayeso oposa khumi, ngakhale kuti amene ali ndi digiri ya akawunti amakhululukidwa ena mwa mayeso oyambirira. Amayeneranso kugwira ntchito yeniyeni kwa zaka zitatu pansi pa womuyang'anira, ndi kuphunzira za umunthu ndi chilungamo pantchito.

Msuweni wanga wina anadutsa njira imeneyi, ndipo ndi amene ananditsekula maso. Iye atatenga digiri anakhala miyezi ingapo akuponya makalata osayankhidwa. Kenaka analembedwa ngati wophunzira ntchito pa kampani ina yofufuza mabuku a ndalama a makampani anzake. Ananena kuti m'zaka zoyambirirazo ankaweruka usiku, makamaka nyengo imene makampani amatseka mabuku a chaka, ndipo akafika kunyumba ankayatsa nyale n'kuyamba kuwerengera mayeso. Malipiro ake anali ongokwanira lendi, minibasi ndi chakudya. Chimene chinkamusowetsa tulo kwambiri ndi chakuti mayeso a mabungwe a ku Britain amalipiridwa m'mapaundi, ndiye kwacha ikagwa mtengo wa mayeso umakwera tsiku lomwelo. Zinthu zinasintha atamaliza mayeso onse. Kuyambira pamenepo anasiya kufunafuna ntchito, ntchito ndi imene inayamba kumufuna iye.

Ubwino wa akawunti ndi wakuti palibe bungwe lopanda mabuku a ndalama. Sukulu, chipatala, mpingo, esiteti ya tiyi ku Thyolo, kampani ya shuga ku Nchalo, khonsolo ya boma, onsewa amafuna wina wowalembera ndi kuwasungira mabuku. M'boma muli ofesi ya mkulu wowerengera ndalama za boma, ofesi ya mkulu wofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma, ndi bungwe lotolera msonkho la MRA, lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2000. Palinso mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe omwe si a boma. Akauntanti wovomerezeka akhozanso kutsekula ofesi yakeyake n'kumathandiza amalonda ang'onoang'ono pa nkhani za msonkho. Makwerero ake amaoneka bwino: wothandizira akauntanti, akauntanti, mkulu wa nthambi ya zandalama, mpaka woyendetsa chuma cha kampani yonse. Pakati pa khwerero loyamba ndi lomaliza pali kusiyana kwakukulu kwa malipiro, ndipo ndalama zimene amalume anaziona ndi za anthu a pamwambawo, omwe anakwera kwa zaka khumi kapena kuposerapo.

Njira ya wazachuma

Njira ya wazachuma si yowongoka chotere. Ntchito zimene dzina lake ndi katswiri wa zachuma ndi zowerengeka. Zimapezeka ku banki yaikulu ya Reserve, ku unduna wa zachuma, ku ofesi ya chiwerengero cha anthu ndi zinthu ya NSO kuno ku Zomba, m'nthambi zokonza mapulani m'maunduna, m'mayunivesite, ndi m'mabungwe akunja monga Banki Yaikulu ya Padziko Lonse ndi IMF. Malo amenewa satsekuka kawirikawiri, ndipo akatsekuka ofunsira amakhala ochuluka. Kuwonjeza apo, ntchito zambiri zofufuza ndi kulangiza zimafuna digiri yachiwiri. Motero chimene ziphaso za ICAM kapena ACCA zimamuchitira akauntanti, digiri yachiwiri ndi imene imamuchitira wazachuma.

Izi sizitanthauza kuti omaliza zachuma amangokhala pakhomo. Ambiri amalowa m'mabanki monga ounika anthu ofuna ngongole, ena m'makampani a mafoni ndi a inshuwalansi, ena m'mabungwe a chitukuko monga olondoloza ngati ntchito za bungwe zikupindulira anthu. Anzanga a chaka chomaliza anandiuza kuti chimene chimasiyanitsa wopeza ntchito msanga ndi wochedwa ndi luso losanthula manambala pakompyuta, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Excel, Stata kapena R, ndi luso lolemba lipoti lomveka. Amene analoweza chabe mayina a akatswiri akale amavutika pamayeso ofunsira ntchito.

Kumene munthu walembedwa

Anthu awiri a kalasi imodzi, okhoza mofanana, akhoza kumalandira ndalama zosiyana kutalitali chifukwa cha malo amene alembedwa. M'boma malipiro amatsata giredi, osati phunziro. Munthu wa digiri yoyamba kawirikawiri amayambira pa giredi I, kaya anaphunzira zachuma, kaya akawunti, kaya chiyankhulo ngati ine. Malipiro a m'boma ndi otsikirapo poyerekeza ndi a m'mabanki kapena a m'makampani akuluakulu, koma ntchitoyo ndi yokhazikika, ndipo nthawi zina imapereka mwayi wokapitiriza maphunziro. Mabungwe akunja ndi amene amadziwika ndi malipiro onona, koma ntchito zake zambiri ndi za kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Izi zinaonekera poyera m'chaka cha 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID ndipo anthu ambiri ogwira ntchito m'mapulojekiti, kuphatikizapo a m'maofesi a zandalama, anapezeka alibe ntchito mwadzidzidzi. Kampani yaing'ono ya munthu mmodzi ikhoza kulemba akauntanti wa digiri n'kumamupatsa ndalama zosasiyana kwenikweni ndi za kalaliki.

Choncho funso lakuti akauntanti amalandira zingati lili ngati funso lakuti mlimi amakolola matumba angati. Yankho lake limadalira munda, mvula ndi zaka zimene munthu walima.

Malipiro a papepala ndi a m'thumba

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ndalama zolembedwa pa kalata yolembera munthu ntchito si zimene zimafika m'thumba. Tiyerekeze kuti mnyamata wina wayamba ntchito ya K600,000 pamwezi, ndipo tiwerengere msonkho wake potsata mlingo umene unayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024. Pa mlingo umenewo K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo yopitirira apo mpaka K2,550,000 inkadulidwa 30 peresenti. Kwa mnyamata wathuyu, 25 peresenti ya K350,000 ndi K87,500, ndipo 30 peresenti ya K100,000 yotsalayo ndi K30,000. Msonkho wonse ndi K117,500. Lamulo la penshoni limati wantchito azisonkha 5 peresenti ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezapo 10 peresenti. Apa pachokanso K30,000. Yotsala ndi K452,500. Mlingo wa msonkho umasintha ndi bajeti, koma njira yowerengera ndi yomweyi.

Pa ndalama yotsalayi achotsepo lendi ya ku Ndirande kapena ku Area 25, minibasi ya tsiku ndi tsiku, magetsi, madzi, chakudya, ngongole ya sukulu imene anatenga ku bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama, ndi mayeso a ukatswiri aja. Pamwamba pa zonsezi pali abale. Kwathu kuno mwana woyamba kupeza ntchito amakhala nkhokwe ya banja lonse: fizi ya azing'ono ake, feteleza wa amayi, matenda ndi maliro. Ichi n'chifukwa chake munthu wovala tayi, wodziwa bwino kuipa kwa chiwongoladzanja, amapezeka ali pakhomo pa wakatapila mwezi usanathe.

Pali mbala inanso yosaoneka, yomwe ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, miyezi ina kuposerapo. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti malipiro osasintha, K452,500 ija imagula zinthu zimene chaka chapitacho zinkagulidwa ndi K348,000. Nambala ya pa pepala ndi yomweyo, koma thumba la ufa lachepa. Bwana akamuwonjezera 15 peresenti mnyamatayo akhoza kusangalala, koma kwenikweni wasauka kuposa chaka chatha. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayesero a pantchito

Ndinamuuzanso mlongo wanga kuti nyumba zina zazikulu zimene anthu amaloza ponena kuti akawunti ili ndi ndalama sizinamangidwe ndi malipiro. M'chaka cha 2013 dziko lino linadzidzimuka ndi nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho. Zina mwa ndalamazo zinkatuluka kudzera m'makina a kompyuta olipirira zinthu za boma, n'kumapita ku makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Mayiko amene ankathandiza bajeti yathu anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene anavutika ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu. Ena mwa okhudzidwa anamangidwa n'kukagwira ukaidi.

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri. Amene anatsekula khomo kuti ndalama zituluke anali anthu odziwa mabuku a ndalama, ndipo amene anavumbula zonsezo analinso anthu odziwa mabuku a ndalama. Munthu wolandira K452,500 amene tsiku lililonse amasayinira mamiliyoni a eni ake ali pamayesero aakulu. Amene walowa ntchitoyi chifukwa anauzidwa kuti kumeneko kuli ndalama, akapeza kuti malipiro ndi ochepa, sachedwa kuyang'ana ndalama zimene zili pa desiki pake. Chuma chenicheni cha akauntanti ndi dzina lake. Akachotsedwa m'kaundula wa akatswiri chifukwa cha chinyengo, zaka zonse za mayeso zija zimapita pachabe.

Malo a chiyankhulo pa ntchitozi

Pofufuza nkhaniyi ndinapezamo kanthu kokhudza maphunziro anga omwe. Pafupifupi aliyense amene ndinacheza naye anatchula kulemba ndi kuyankhula ngati luso limene limakweza munthu pantchito. Akauntanti amene sangathe kufotokozera mabwana ake, omwe si akatswiri a manambala, chifukwa chimene kampani ikutayira ndalama, amakhalitsa pa khwerero limodzi. Wazachuma amene lipoti lake silimveka, malangizo ake amathera m'kabati.

Vuto limakula tikafika pa zinenero zathu. Bajeti ya dziko imawerengedwa m'Chingerezi ku Nyumba ya Malamulo, pamene eni ake a misonkhoyo ambiri amayankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zinenero zina. Kwacha itachepetsedwa mphamvu mu 2023, akuluakulu ena ankakonda mawu a Chingerezi akuti realignment, omwe amamveka ngati kuwongola chinthu chimene chinapindika. Anthu pamsika anangoti kwacha yagwa. Mawu awiriwa akunena chinthu chimodzi, koma loyamba likutonthoza pamene lachiwiri likunena zimene munthu waona pogula sopo. Mlimi wosayina ngongole ya feteleza, mayi wa banki m'khonde ndi wamalonda wolipira msonkho ayenera kumva m'chiyankhulo chawo chimene akuvomera. Apa pakufunika akauntanti ndi azachuma odziwa bwino zinenero zathu, komanso omasulira ndi atolankhani omvetsa zachuma. Ndinazindikira kuti ine ndi mlongo wanga tikhoza kudzakumana pa ntchito imodzi, iye atanyamula manambala, ine nditanyamula mawu.

Mathero

M'chimangirizo chino ndasonyeza kuti akawunti ndi zachuma ndi maphunziro awiri osiyana, ndipo aliwonse ali ndi khwerero lachiwiri limene munthu ayenera kukwera asanaone malipiro abwino. Ndasonyezanso kuti malipiro amasiyana potsata olemba ntchito, kuti msonkho ndi kukwera mitengo kwa zinthu zimadya gawo lalikulu, ndiponso kuti ntchitozi zimafuna munthu wa manja oyera. Amalume sananame ponena kuti maphunzirowa ali ndi tsogolo. Chimene sanawerengere ndi kutalika kwa njira. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ndipo munthu sangadumphe zaka zonsezi pa ntchito imene mtima wake suikonda.

Zonsezi ndinamufotokozera mlongo wanga pafoni, kenaka ndinamufunsa chimene iye mwini amakonda. Anandiuza kuti kwa zaka ziwiri ndi iye amene wakhala akuwalembera amayi ndi anzawo kope la banki m'khonde, ndipo palibe chimene chimamusangalatsa ngati kuona manambala a m'kope akugwirizana ndi ndalama za m'bokosi tsiku logawana. Anasankha akawunti. Amalume anakondwa poganiza kuti mawu awo apambana, ndipo ine sindinawatsutse. Ndinangowapempha kuti, "Malume, mwanayu akadzatenga digiri musadzamuwerengere miyezi. Padzafunikabe zaka zitatu kapena zinayi ndi ndalama za mayeso asanayambe kutithandiza." Anakhala chete kanthawi, kenaka anati tidzaona pofika nthawiyo, n'kundifunsa ngati omasulira mabuku nawonso amalembedwa ntchito m'boma.